Zimene zili m'tsamba la duwa la pakhonde la azakhali

Pakhonde la nyumba ya azakhali anga pali kachitsamba kamene palibe akukumbukira kuti anakadzala ndani. Kamalekezera m'mawondo, masamba ake ndi obiriwira monyezimira ngati adzozedwa mafuta ndipo ali ndi mzere woyera pakati, pamene maluwa ake ena ndi apinki, ena ndi oyera okhala ndi kadontho kofiira pakati. Anthu amakakonda chifukwa sikavuta kusamala. M'mwezi wa Okutobala, udzu wonse utauma ndipo nthaka itang'ambika ndi dzuwa, iko kamakhala kali ndi maluwa, ndipo mbuzi za pamudzipo, zimene sizisiya ngakhale khungwa la mtengo, zimangokalambalala. Njere zake zakuda zimathothoka m'timakoko tiwiritiwiri n'kumera zokha m'mbali mwa maziko a nyumba ndi m'ming'alu ya simenti. Akatswiri a zomera amakatcha Catharanthus roseus, ndipo m'Chingerezi ndi Madagascar periwinkle, popeza kwawo kwenikweni ndi pachilumba cha Madagascar, kumene kanachokera n'kufalikira m'mayiko otentha a dziko lonse ngati duwa lokongoletsa pakhomo.

Chaka chatha azakhali anawapeza ndi matenda a shuga. Nditapita kukawazonda ndinapeza masamba a kachitsambaka atayanikidwa palichero, ndipo iwo, podziwa kuti ndinaphunzira ndi kuphunzitsa chemistry kwa zaka zambiri, anandifunsa mosazungulira kuti: "Mwanawe, amayi ena akumpingo andiuza kuti ndiziwiritsa masamba awa n'kumamwa ngati tiyi, akuti amatsitsa shuga, ndiponso akuti ndi momwe azungu amatengamo mankhwala a khansa. Kodi ndi zoona?" Ndinawayankha kuti: "Azakhali, mbali ina ndi yoona, koma chonde musasiye mapiritsi amene anakupatsani kuchipatala, ndipo masambawa musamwe." Iwo anaona kuti yankho langa ndi lalifupi kwambiri poyerekeza ndi funso lawo, ndipo sanalakwe. Funso lakuti kodi m'tsamba ili muli chiyani linatenga asayansi a mayiko angapo zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi kuti aliyankhe mokwanira, ndipo njira imene anadutsamo ndi imene imatithandiza kumvetsa chifukwa chake kapu ya tiyi wa masambawa ndi chinthu chosiyana kotheratu ndi kabotolo ka mankhwala kamene namwino amatulutsa mufiriji.

Aliyense amene analawapo tsambali mwangozi amadziwa kuti ndi lowawa kwambiri. Kuwawako kumachokera ku gulu la makemikolo otchedwa ma alkaloid, dzina limene linayambitsidwa ndi katswiri wa mankhwala wa ku Germany, Carl Meissner, mu 1819. Ameneŵa ndi makemikolo opangidwa ndi zomera, okhala ndi atomu ya nitrogen m'kati mwake, ndipo ambiri a iwo amakhudza thupi la nyama ndi munthu mwamphamvu ngakhale atakhala ochepa. Sitili alendo kwa iwo. Kwinini amene makolo athu ankamwa akadwala malungo ndi alkaloid wochokera m'khungwa la mtengo wa cinchona, ndipo anapatulidwa koyamba ku Paris mu 1820 ndi Pelletier ndi Caventou. Nicotine wa mufodya amene timalima ku Kasungu ndi ku Dowa nayenso ndi alkaloid, chimodzimodzinso caffeine wa mutiyi wa ku Thyolo. Chomera sichipanga zimenezi poganizira ife. Popeza sichingathawe chikafikiridwa ndi mbozi kapena mbuzi, chimadziteteza ndi poizoni. Chodabwitsa cha duwa la pakhonde la azakhali ndi kuchuluka kwa mitundu ya makemikolowa, chifukwa akatswiri apezamo ma alkaloid osiyanasiyana oposa 130, ena m'masamba, ena m'mizu, ena ochuluka, ena ochepetsetsa.

Banja la zomera limene duwali limachokera, lotchedwa Apocynaceae, ndi lodziwika ndi poizoni, ndipo ife a kuno tili ndi mbiri yathu nalo. Kombe, chomera choyanga chimene alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka kunsonga za mivi yawo, ndi wa m'banja lomweli. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone paulendo wa mumtsinje wa Zambezi, anatola njere zake n'kuzindikira kuti zimachedwetsa kugunda kwa mtima, ndipo pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anapatulamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Dzina la sayansi la chomeracho, Strophanthus kombe, linasunga liwu la makolo athu mpaka lero. Oleander, chitsamba cha maluwa okongola chimene chimadzalidwa m'mbali mwa misewu ndi m'mipanda ya m'tauni, nachonso ndi cha m'banjali, ndipo masamba ake ochepa chabe angathe kuimitsa mtima wa ng'ombe kapena wa mwana. Choncho munthu wodziwa zomera akangomva kuti duwa lili m'banja limeneli amayamba kulilemekeza asanaliyeze n'komwe.

Ntchito yosanthula tsamba ndinaiona ndi maso anga ndili kukoleji, ndipo tinagwiritsa ntchito masamba a duwa lomweli chifukwa anali mbwee kuseri kwa labotale. Chiyambi chake sichisiyana ndi zimene sing'anga aliyense amachita. Masamba timawayanika pamthunzi kuti dzuwa lisawononge zam'kati, kenako timawasinja mukamtondo mpaka akhale ufa. Ufawo timauviika mu methanol, mtundu wa mowa umene sumwedwa chifukwa umachititsa khungu, ndipo m'mawa mwake madziwo amakhala atasanduka obiriwira moderapo ngati madzi a chisoso chophikidwa. Tikasefa, timauluza methanol uja pomutenthetsa pang'onopang'ono m'botolo lozungulira, nthunzi yake n'kumakazizira mbali ina, mofanana ndi mmene amatchezera kachasu, kungoti pano chimene tikufuna ndi chotsalira m'botolo. Chotsaliracho ndi phala lomata, lakuda, lonunkha, ndipo muli zonse pamodzi: utoto wobiriwira wa tsamba, phula, mafuta, shuga, ndi ma alkaloid aja atabisala pakati pa zonsezo.

Apa ndi pamene chemistry imaonetsa luso lake, ndipo ndi gawo limene ndinkalikonda kwambiri pophunzitsa. Alkaloid ali ndi khalidwe limodzi limene limamupereka m'manja mwathu. Akakumana ndi asidi amasanduka mchere wosungunuka m'madzi, koma asidiyo akathetsedwa mphamvu amabwerera mwakale n'kuyamba kukonda zosungunulira zamafuta kuposa madzi. Tsono phala lija timalisungunula m'madzi a asidi wofatsa, timathiramo chosungunulira chimene sichisakanikirana ndi madzi, n'kukhutchumula m'botolo lagalasi lokhala ndi kampopi kunsi. Likakhazikika, mumaoneka magawo awiri monga mmene mafuta ophikira amalekanirana ndi madzi. Utoto wobiriwira ndi phula zimapita kugawo lamafuta, ndipo timazitaya, pamene ma alkaloid amatsalira m'madzi. Kenako timathira ammonia m'madziwo dontho ndi dontho, fungo lake likulasa m'mphuno, mpaka asidi atatha mphamvu, ndipo madzi amene anali oyera amachita chifunga. Tikakhutchumulanso ndi chosungunulira chatsopano, ma alkaloid amasamuka kuchoka m'madzi. Titauluza chosungunuliracho, zimene zinatsala kuchokera ku masamba odzaza thumba lapulasitiki zinali kautoto kabulauni kopyapyala kamene kanangomata pansi pa botolo.

Kautotoko sikanali chinthu chimodzi. Kuti tione zimene zinalimo tinagwiritsa ntchito njira yotchedwa chromatography, imene inayambitsidwa ndi Mikhail Tsvet, katswiri wa zomera wa ku Russia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pamene ankalekanitsa mitundu ya utoto wa m'masamba. Tinadontheza kadontho kamodzi m'munsi mwa kagalasi kopakidwa ufa woyera wa silica, n'kuimika kagalasiko m'botolo lokhala ndi chosungunulira chochepa pansi. Madziwo amakwera okha monga mmene palafini amakwerera pachingwe cha nyali, ndipo pokwerapo amanyamula makemikolo aja. Amene amamatirira kwambiri ku silica amatsalira m'munsi, amene samatirira amakwera msanga, ndipo pakutha kwa theka la ola kadontho kamodzi kaja kamakhala katasanduka mzere wa timadontho tambiri tosaoneka ndi maso. Titapopera mankhwala a Dragendorff, amene amasanduka a olenji akakhudzana ndi alkaloid, timadontho tija tinatulukira kamodzikamodzi, ena aakulu, ena ongooneka mwa apo ndi apo, ena olowana. Sindidzaiwala mmene tonse tinakhalira chete titazungulira kagalasi kaja. Mphunzitsi wathu anatiuza kuti madontho aakuluwo ndi a ma alkaloid amene ali ochuluka m'tsamba, monga vindoline ndi catharanthine, koma amene anatchukitsa duwali padziko lonse sitingawaone pakagalasi kotere, chifukwa ndi ochepa kwambiri moti amamira pakati pa anzawo.

Nkhani ya mmene ochepawo anapezekera inayamba ndi chikhulupiriro chofanana ndendende ndi cha amayi a kumpingo kwa azakhali. Ku Jamaica anthu ankamwa tiyi wa masamba a duwali pofuna kuchiza matenda a shuga. Mu 1952 dokotala wina wa ku Toronto, Clark Noble, analandira envelopu yochokera ku Jamaica yokhala ndi masamba 25. Iye anali mmodzi wa achinyamata amene anathandiza pa kafukufuku wa insulin, mankhwala a matenda a shuga, m'zaka za m'ma 1920, choncho nkhani ya shuga inali pamtima pake, koma panthawiyi analibe labotale. Anatumiza masambawo kwa m'bale wake Robert Noble, amene ankagwira ntchito pa University of Western Ontario mumzinda wa London wa ku Canada. Robert anamwetsa nyama za m'labotale madzi a masambawo ndipo shuga wa m'magazi mwawo sanasinthe. Poganiza kuti mwina mankhwalawo akuwonongekera m'mimba, anayesa kubaya makoswe jakisoni wa madziwo. Makoswewo anayamba kutuluka zithupsa n'kumafa ndi mabakiteriya amene thupi la khoswe wathanzi limawagonjetsa mosavuta. Wofufuza wina akanangotaya zonsezo n'kunena kuti madziwo anali oipitsidwa. Noble anayeza magazi a makoswewo ndipo anapeza kuti maselo oyera, amene ndi asilikali a thupi, anali atatsika kwambiri, komanso kuti mafuta a m'mafupa, kumene maselowa amapangidwira, anali atafooka. Anazindikira kuti chinthu chimene chingaletse maselo oyera kuchulukana chingathandize pa khansa ya m'magazi, matenda amene maselo omwewo amachulukana mopanda malire.

Kudziwa kuti m'tsamba muli chinthu sikufanana ndi kuchigwira. Mu 1954 katswiri wa chemistry wochokera ku Britain, Charles Beer, anadzagwirizana ndi Noble, ndipo ntchito imene anagwira ndi imene ine ndimaiona ngati mtima wa nkhani yonseyi. Analibe makina amene tili nawo lero. Njira yake inali yogawa madzi a masamba m'magawo, kubaya gawo lililonse mumakoswe, kudikira masiku angapo, kuwerenga maselo oyera, kenako kutenga gawo limene laonetsa mphamvu n'kuligawanso. Ankadutsitsa madziwo m'mipope yagalasi yodzaza ndi ufa wa alumina n'kumatunga zotuluka kunsi m'timabotolo tambirimbiri, ndipo kabotolo kalikonse kankafuna khoswe wake ndi masiku ake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Beer anadekha kwa zaka pafupifupi zinayi. Mu 1958 anapeza timiyala toyera ta kemikolo imodzi yokha yosasakanikirana ndi ina. Anaitcha vincaleukoblastine, kuphatikiza Vinca, dzina limene Carl Linnaeus anapatsa duwali mu 1759 asanalisinthe akatswiri a pambuyo pake, ndi mawu onena za maselo oyera. Dzinali linadzafupikitsidwa kukhala vinblastine.

M'chaka chomwecho, pamsonkhano wa asayansi ku New York, gulu la ku Canada linazindikira kuti silinali lokha. Kampani ya Eli Lilly ya ku Indianapolis inali kufufuza duwa lomweli, nayonso itakopeka ndi mbiri yakuti limachiza shuga, ndipo ofufuza ake, Gordon Svoboda ndi Irving Johnson, anali ataona kuti madzi a masamba ake amatalikitsa moyo wa mbewa zodwala khansa ya m'magazi. Svoboda ankasintha mphamvu ya asidi pang'onopang'ono kwambiri kuti ma alkaloid ofanana kwambiri alekane, ndipo ndi njira imeneyi anapatula ambiri amene sanali kudziwika. Mmodzi wa iwo, amene analengezedwa mu 1961, anali wochepa kuposa vinblastine, ndipo ndi amene lero timamutcha vincristine. Boma la America linavomereza kuti agwiritsidwe ntchito pa odwala mu 1963.

Mpangidwe wa makemikolo awiriwa unatsimikizika mu 1965, pamene William Lipscomb ndi J. William Moncrief a ku Harvard anawalitsa X-ray pa timiyala ta vincristine n'kuwerengera malo a atomu iliyonse. Zinapezeka kuti molekyu iliyonse, kutanthauza kagulu ka maatomu kamene kamapanga kemikoloyo, ndi ma alkaloid awiri olumikizana, mbali imodzi yochokera ku catharanthine ndipo inayo ku vindoline, omwe aja a madontho aakulu a pakagalasi kathu. Vinblastine ali ndi maatomu 46 a carbon, 58 a hydrogen, 4 a nitrogen ndi 9 a oxygen. Vincristine ali ndi 46 a carbon, 56 a hydrogen, 4 a nitrogen ndi 10 a oxygen. Kusiyana kwawo konse kuli pamalo amodzi, pamene maatomu awiri a hydrogen alowedwa m'malo ndi atomu imodzi ya oxygen, pamolekyu ya maatomu oposa zana. Komabe m'thupi la munthu awiriwa ndi osiyana. Vinblastine amafooketsa kwambiri mafuta a m'mafupa ndipo amagwiritsidwa ntchito makamaka pa khansa yotchedwa Hodgkin lymphoma, pamene vincristine savulaza kwambiri mafuta a m'mafupa koma amakhudza minyewa, kubweretsa dzanzi m'zala za kumanja ndi kumapazi, kudzimbidwa ndi kupweteka kwa nsagwada, ndipo ndi mzati wa chithandizo cha khansa ya m'magazi ya ana. Ndikafuna kufotokozera wophunzira chifukwa chake sikokwanira kunena kuti chomera chili ndi ma alkaloid, chitsanzo ndimatenga ichi. Lipoti limene limangonena kuti mankhwala a Dragendorff anasanduka a olenji latiuza zochepa kwambiri, ndipo ndimadandaula kuti kafukufuku wambiri wa zitsamba zathu amaimira pomwepo chifukwa chosowa zipangizo.

Mmene mankhwalawa amagwirira ntchito ndi zomveka. Selo likafuna kugawikana kukhala awiri, limamanga timizati ting'onoting'ono ta puloteni yotchedwa tubulin, ndipo timizatiti ndi timene timakokera malangizo a chibadwa mbali ziwiri kuti selo latsopano lililonse lilandire gawo lake. Vincristine ndi vinblastine amamatirira ku tubulin n'kusokoneza kumangidwa kwa timizatito, ndipo selo limaima pakatikati pa kugawikana mpaka limafa. Maselo a khansa, pokhala kuti amagawikana kawirikawiri, ndi amene amavulala kwambiri. Pamene vincristine anaphatikizidwa ndi mankhwala ena, khansa ya m'magazi ya ana yotchedwa acute lymphoblastic leukaemia, imene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 inkapha pafupifupi mwana aliyense woidwala, inasanduka matenda amene m'mayiko olemera ana 9 mwa 10 alionse amachira.

Nkhaniyi si yakutali ndi ife. Burkitt lymphoma, khansa imene imatupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana mofulumira kwambiri, inafotokozedwa ndi Denis Burkitt ku Uganda mu 1958, chaka chomwe Beer anapatula vinblastine, ndipo ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana a m'Malawi ndi m'madera ena a malungo ambiri. Vincristine ali m'gulu la mankhwala amene amaperekedwa pa khansa imeneyi, pa chotupa cha impso cha ana chotchedwa Wilms tumour, komanso pa khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma, imene inachuluka kuno pamodzi ndi kachilombo ka HIV. Madokotala a ana pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuphatikizapo Pulofesa Elizabeth Molyneux, anagwira ntchito kwa zaka zambiri kukonza njira zoperekera mankhwalawa zoyenerana ndi ana athu, amene nthawi zambiri amafika kuchipatala matenda atakula ndiponso thupi litaperewera zakudya. Mayi amene wakhala pambali pa bedi la mwana wake m'chipinda cha odwala khansa angathe kuona duwali likumera panja pa zenera osadziwa kuti mankhwala amene akulowa mumtsempha wa mwanayo anachokera m'masamba a mtundu womwewo.

Tsono tifike pa funso la azakhali. Kuti papezeke galamu imodzi ya vinblastine pamafunika masamba ouma olemera pafupifupi makilogalamu 500, ndipo galamu imodzi ya vincristine imafuna pafupifupi makilogalamu 2,000, kulemera kofanana ndi matumba 40 a chimanga. Mlingo wa vincristine umene munthu wamkulu amalandira nthawi imodzi kawirikawiri supitirira mamiligalamu awiri, ndipo ngakhale kamlingo kameneka kakuimira masamba ouma okwana makilogalamu anayi. Kuwonjezera apo, vincristine salowa bwino m'magazi akadutsira m'mimba, n'chifukwa chake amaperekedwa kudzera mumtsempha basi, mosamala kwambiri, popeza akatayikira kunja kwa mtsempha amawotcha mnofu, ndipo akabayidwa molakwika mumsana amapha. Munthu amene wawiritsa masamba odzaza dzanja sakumwa mankhwala a khansa. Akumwa msanganizo wa ma alkaloid ena ochuluka, pamlingo umene palibe akuudziwa, umene umasintha malinga ndi nthaka, nyengo ndi msinkhu wa tsamba. Za shuga nazo, kafukufuku wina wochitidwa pa nyama waonetsa kuti madzi a masambawa angatsitse shuga pang'ono, koma patatha zaka zoposa 70 chitumizireni envelopu ija, palibe mankhwala a shuga ovomerezeka amene atuluka m'duwali. Chimene chimandiopsa kwambiri si kuwawa kwa tiyiyo koma miyezi imene munthu amataya akumwa, shuga akuwononga maso ndi impso mwakachetechete, kapena chotupa cha mwana chikukula.

Chifukwa chimene makemikolo awiriwa alili ochepa chonchi chinadziwika pamene asayansi anayamba kusanthula tsamba selo ndi selo. Chomerachi chimayamba ndi zinthu ziwiri, tryptamine ndi secologanin, n'kuzilumikiza kukhala strictosidine, amene ndi kholo la ma alkaloid ake onse a mtundu umenewu. Kuchokera pachiyambi mpaka kufika pa vinblastine pali masitepe pafupifupi 30, lililonse ndi enzyme yake, kutanthauza puloteni imene imayendetsa sitepelo, ndipo ntchitoyi sichitikira pamalo amodzi. Imayambira m'maselo oyandikana ndi mitsempha ya tsamba, imapitirira m'khungu la tsamba, ndipo vindoline amakamalizidwira ndi kusungidwa m'maselo apadera a m'kati, pamene catharanthine wambiri amatulutsidwira kunja, paphula lonyezimira lija. Mbali ziwiri za molekyu zimasungidwa motalikirana, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti zimakumana makamaka tsamba likavulazidwa, monga pamene mbozi ikulitafuna. N'chifukwa chake makampani anapeza kuti ndi kwanzeru kutenga catharanthine ndi vindoline, amene ali ochulukirapo, n'kuwalumikiza okha m'fakitale. Njira yolumikizira imeneyi inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi Pierre Potier ndi anzake ku France, ndipo kuchokera pantchito yawo panatulukanso vinorelbine, mankhwala amene m'chomera mulibe, ogwiritsidwa ntchito pa khansa ya m'mapapo ndi ya m'mawere.

Makina a masiku ano achepetsa kwambiri ntchito imene Beer anagwira ndi makoswe. Makina a HPLC amakankha madzi a tsamba mwamphamvu mumpope wopyapyala n'kulekanitsa ma alkaloid ambiri m'mphindi zochepa, mass spectrometer imayeza kulemera kwa molekyu iliyonse moti imasiyanitsa vinblastine wolemera 811 ndi vincristine wolemera 825, ndipo NMR imaonetsa mmene maatomu alumikizirana. Ngakhale zili choncho, ma enzyme omaliza amene anali kusowa pamndandanda anapezeka mu 2018, ndi gulu la Sarah O'Connor pa John Innes Centre ku Norwich, ku England. Mu 2022 gulu lotsogozedwa ndi Jay Keasling, logwira ntchito ku Denmark, linalengeza kuti lasintha majini a yisiti, yemweyu wofufumitsira buledi, m'malo 56, mpaka yisitiyo anayamba kupanga catharanthine ndi vindoline kuchokera ku shuga ndi zakudya zina zosavuta. Zimene anapeza zinali zochepa kwambiri moti sizingalowe m'malo mwa minda, koma kufunika kwa ntchitoyi kunaoneka mu 2019, pamene ngakhale zipatala za ku America zinasowa vincristine kampani imodzi mwa ziwiri zimene zinkamugulitsa kumeneko itasiya kupanga.

Pali funso lina limene sindingathe kulidumpha, lakuti phindu la zonsezi linapita kwa yani. Mankhwala awiriwa anabweretsa ndalama zambiri ku kampani imene inawagulitsa, pamene Madagascar, kwawo kwa duwali, ndi limodzi mwa mayiko osauka kwambiri, ndipo anthu a ku Jamaica amene tiyi wawo anayambitsa kafukufukuyu sanalandire kanthu. Ena amayankha kuti duwali linali litafalikira kale padziko lonse ndiponso kuti anthuwo ankaligwiritsa ntchito pa shuga osati pa khansa. Yankho limenelo lili ndi mbali yoona, koma ine ndimaona kuti popanda chidziwitso cha anthu wamba chija palibe amene akanabaya khoswe madzi a duwa la pakhonde. Nkhani ngati imeneyi, komanso ngati ya kombe wathu uja, ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti mayiko agwirizane pangano la zachilengedwe la ku Rio de Janeiro mu 1992 ndi la ku Nagoya mu 2010, lonena kuti phindu lochokera ku zomera ndi nzeru za eni dera ligawidwe mwachilungamo. Kwa ife, kugawana kwenikweni kudzayamba pamene ophunzira athu adzakhala ndi zipangizo zopitirizira ntchito kuchokera pa kadontho ka olenji kaja mpaka kufika pa dzina ndi mpangidwe wa kemikolo, m'malo motumiza ufa wa masamba kunja n'kumadikira kuuzidwa zimene zilimo.

Nditabwereranso kwa azakhali mwezi wotsatira ndinawafotokozera zonsezi titakhala pamkeka, ndipo pofuna kuti aone ndi maso ndinasinja masamba angapo a duwalo mu spirit, n'kudonthezera madziwo pachoko cha kusukulu chimene ndinachiimika m'kambale. Spirit atakwera, mtundu umodzi wobiriwira uja unagawikana, wachikasu pamwamba, wobiriwira m'munsi mwake. Ndinawauza kuti umenewo ndi utoto chabe, ndipo makemikolo owawa aja saoneka, koma nawonso amalekanitsidwa mwa njira yomweyo. Anayang'anitsitsa chokocho kwa nthawi, kenako anafunsa ngati kachitsambako akazule poopa zidzukulu zimene zimasewera pakhondepo. Ndinawauza kuti akhoza kukasiya, bola ana aziuzidwa kuti asamatafune masamba kapena maluwa ake, ndipo azisamba m'manja akathyola. Masamba a palichero aja anakawataya kudzala tsiku lomwelo, ndipo Lachiwiri lotsatira ndinawaperekeza kuchipatala kukayezetsa shuga ndi kukatenga mapiritsi a mwezi wina.